Gerevazio Wotemera ndi Mkono wa Apongozi Ake

Gerevazio Mbewe sanalowe ntchito ya boma chifukwa cha nzeru ayi. Analowa chifukwa cha phewa. Anali mnyamata wa m'tsinde mwa Phiri la Dedza, wamfupi, wa khosi lonenepa, ndipo tsiku lina anthu onyamula mzungu pa machila ataperewera, kapitawo wawo anamupeza ataima m'mbali mwa njira akutafuna msale. Anamufunsa ngati amatha kuthamanga atasenza katundu. Iye anayankha kuti kaya. Kapitawoyo anati yankho limenelo ndi lokwanira, namuika mtengo wa machila paphewa.

Zinali zaka zija nkhondo ya Jeremani isanayambe, pamene boma linali tinyumba towerengeka ta njerwa, mbendera, ndi mbuzi za amesenjala. Gerevazio ananyamula machila mpaka phewa linachita chikundu. Kenako anamuika kotunga madzi a dokotala wachizungu amene ankabwera pabomapo nthawi ndi nthawi. Dokotalayo anaona zinthu ziwiri mwa iye. Akaona chilonda sankayang'ana kumbali, ndipo akamuuza kuti asambe m'manja ankasambadi, osati kungonyowetsa nsonga za zala monga ankachitira anzake. Kuwerenga ankadziwa pang'ono, zimene anatola kwa ansembe amene anamubatiza. Choncho boma litafuna anthu otemera nthomba m'midzi, dzina lake linatuluka.

Anamupatsa malaya a kaki, lamba, chisoti chofiira, kalumo kowala, ndi timabotolo ta mankhwala timene ankatisunga m'kati mwa thunthu la nthochi kuti tisatenthedwe. Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza: kugwira mkono wamanzere wa munthu, kutema timizere chakuphewa, kupakapo mankhwala. Pakapita masiku pankatupa, pankatuluka chilonda, chilonda n'kupola n'kusiya chipsera. Munthu wa chipsera chimenecho nthomba inkamulambalala. Inu amene simunaione nthomba, thokozani Mulungu n'kukhala chete. Ikalowa m'mudzi inkasesa, ndipo amene yawasiya amoyo inkawasiya ndi nkhope zobookabooka, ena osaona.

Tsono pabomapo panali a Ignasio, mkulu wa amesenjala, munthu amene anayamba ntchito mzungu woyamba akugona m'tenti. Zaka zonsezo sanakwapulidwepo, sanachotsedwepo, ndipo palibe amene ankakumbukira chinthu chachikulu ngakhale chimodzi chimene iwo anachita. N'chifukwa chake anyamata onse ofuna kukwera pa ntchito ankapita kwa iwowo. Ankawapeza kuseri kwa ofesi, pamene dzuwa limafika msanga m'mawa, akuwotha msana uku akupukuta chitsulo cha lamba wawo ndi phulusa.

"Mphwanga," anatero a Ignasio tsiku limene Gerevazio anavala chisoti, "ntchito ya boma si yovuta. Amavutika ndi anthu okonda kuganiza. Mzungu usamupititsire funso, mupititsire ntchito yotha. Ukamufunsa amadziwa kuti pali chimene chakukanika, ndipo saiwala."

Gerevazio anagwedeza mutu.

"Chinthu cha boma usabwereketse kwa munthu, ngakhale wa bere limodzi ndi iwe. Ukumudziwa Bonifasi uja amaweta mbuzi za eni ake kuseri kwa phiri? Anali wotemera ngati iwe. Anapatsa mlamu wake lumo la boma kuti ametere mwana. Lero ndi uyo, ali ndi mbuzi." Anapukutanso lamba uja, namuyang'ana padzuwa. "China, chimene sunatumidwe kukaona, usachione. Ndipo ukamadutsa pabwalo pano uzinyamula kanthu m'manja, ngakhale kamtengo. Munthu wa manja lendelende amatumidwa."

Ine malangizo amenewa sindingawanyoze. Anthu akwera nawo, ndipo akukwerabe nawo mpaka lero. Pitani m'maofesi mukaone anthu othamanga ndi mapepala osalembedwa kanthu. Gerevazio anawasunga mumtima monga ankasungira katekisimu, ndipo anamuthandiza zaka zingapo.

Anali atakwatira m'mudzi wina cha ku Kaphuka, ndipo monga mwa mwambo anakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, chikamwini. Mkazi wake anali Falesi, mwana wawo woyamba Rute. Apongozi ake aakazi anali a Nachisale, mayi wamasiye. Apa ndiye pali nkhani.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhudzana, sakhala pa mphasa imodzi. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Si chidani, ndi ulemu. Koma ulemu umasiyana kukula kwake, ndipo wa a Nachisale unaposa wa mudzi wonse kuuphatikiza. Chisoti chofiira chija chinawathandiza kwambiri, chifukwa chinkaonekera patali pamwamba pa chimanga. Chikangoti tulukiru kumapeto kwa munda, iwo ankakhala atalowa kale m'thengo, mtsuko uli pamutu, madzi osatayika. Tsiku lina atasowa kothawira analowa m'nkhokwe, nakhala momwemo mpaka mkamwini wawo atamaliza kusema mpini pabwalo. Mpiniwo unali wa mtengo wolimba, ndipo unatenga nthawi.

Choncho Gerevazio apongozi ake ankawadziwa motere: msana wovala nsalu ya biriwita, chifuwa chouma cha m'mawa, ndi mawu ochokera kuseri kwa chipupa, olankhula ndi mwana.

"Rute, uwauze atate ako kuti mbatata iyi ndi yawo, asagawire anthu."

Iye ankayankha atayang'ana nkhokwe. "Rute, uwauze agogo ako kuti ndathokoza kwambiri."

Rute nthawi imeneyo anali asanayambe n'kulankhula komwe, ankangoyamwa chala pakati pawo. Koma ankakondana anthu awiriwa, ndinene poyera. Mtedza wokazinga wa paulendo unkachokera kwa a Nachisale. Denga la a Nachisale ankafolera ndi Gerevazio, iwo atapita kudimba dala kuti amupatse mpata. Akazi ena akamadandaula za akamwini awo kuchitsime, a Nachisale ankangoti wawo alibe naye mawu.

Mwambo womwewo uli ndi khomo lotulukira. Ana akabadwa, akuluakulu amatha kufulula mowa, kupha nkhuku, kuitana atsibweni a mkazi, n'kukhazika mkamwini ndi apongozi pamodzi kuti kuyambira tsiku limenelo azilankhulana. Falesi anaikamba nkhaniyi kangapo. Gerevazio ankati inde, tikakolola. Akakolola ankakhala ali pa ulendo wa boma. Atsibweni a Falesi nawonso ankakhala kutali, kutsidya kwa Linthipe, ndipo anali munthu wofuna kumuitana kawiri. Zinangokhala za mawa mawa.

Chaka china, chisanu chitangoyamba, kunamveka kuti nthomba yabuka m'midzi ya kwa Apwitikizi, kungodumpha malire. Dokotala anasonkhanitsa otemera onse. Ananena kudzera mwa womasulira kuti aliyense atemere midzi yake yonse, osasiya munthu, ndipo iye adzayendera yekha kudzaona mikono. Amene midzi yake idzapezeke yopanda mkono wosalala adzakhala kapitawo wa otemera. Kapitawo adzalandira jekete ndi nsapato.

Nsapato! Inu amene munabadwa nsapato zili kale m'nyumba simungamvetse. Gerevazio anali atayenda pa chisanu cha ku Dedza chiyambire ubwana wake, mame akuluma m'mapazi, zidendene zili ming'alu yoti n'kubisamo njere ya mapira. Kuyambira tsiku limenelo ankayang'ana mapazi a dokotala kuposa nkhope yake.

Anagwira ntchito mosadziwa njala. Sizinali zophweka, chifukwa anthu ankathawa. Ena ankati mankhwala a azungu amatseka mimba ya akazi, ena ankati boma likuika chizindikiro pa anthu monga amachitira ndi ng'ombe, ena ankangothawa chifukwa anzawo athawa. Gerevazio anaphunzira kufika m'mudzi chisoti atachibisa m'thumba. Anatemera anthu pachitsime, pamowa, pamaliro. Mkulu wina amene anathawira mu mtengo wa msuku anamudikira pansi pake mpaka anatsika yekha miyendo itachita dzanzi. Mayi wina anabisa ana m'dzenje la mbatata, koma anaiwala kuti ana amakhosomola. Mudzi ndi mudzi, mikono inatha.

Mudzi wa kwawo kwa mkazi wake anausiya komalizira. Anatemera onse, Falesi ndi Rute omwe. Unatsala mkono umodzi, wa a Nachisale.

Anakhala pa kampando pabwalo, atafulatira nyumba ya apongozi. Falesi anaima pakhomo, pakati pawo.

"Make Rute, muwauze amayi kuti boma likupempha mkono wawo."

M'nyumba munamveka chifuwa chija, kenako mawu. "Uwauze a Mbewe kuti lumo sindiliopa. Thupi lonseli ndi mphini zokhazokha. Koma mkono uwu augwire mkamwini, ine ndili moyo, anthu akuona? Ndingayende bwanji m'mudzi muno? Uwauze andikhululukire."

"Muwauze kuti nthomba ili pafupi. Ikubwera ndi anthu a m'malire."

"Uwauze kuti ndamva, ndipo ndathokoza."

Falesi anabwera pafupi ndi mwamuna wake, nagwada, nalankhula motsitsa. "Bambo a Rute, ndipatseni kalumoko ndiwateme ndine. Ndakhala ndikuona mmene mumachitira. Si kutema timizere n'kupaka basi?"

Inali nzeru yabwino, ndipo ikanatha nkhani yonse dzuwa lisanapendeke. Koma m'maso mwa Gerevazio munabwera Bonifasi ndi mbuzi za eni ake. M'mudzi simubisika kanthu. Mawa lake nkhani ikanafika pa boma yakuti lumo la boma lagwiridwa ndi mkazi wa munthu. Anakana, ndipo Falesi anadzuka n'kuchoka.

Gerevazio anabwerera ku boma, nawapeza a Ignasio pamalo pawo.

"Akulu, ndimati mwina atumeko Anselmo akatemere munthu mmodzi kwathu."

Anselmo anali wotemera mnzake, wa midzi ya kumpoto, amene nayenso ankalota nsapato zomwezo.

"Munthu wanji?"

"Apongozi."

A Ignasio anasiya kupukuta lamba. "Ndiye ukufuna tikamuuze mzungu kuti pali mkono umene wakukanika iwe, koma Anselmo angauthe? Bwanji osangomuyeza phazi Anselmoyo lero lomwe?"

"Ndi mwambo, akulu."

"Mwambo ndikuudziwa, inenso ndinakwatira. Koma boma lilibe apongozi, mphwanga. Silidziwa n'komwe kuti ndi chiyani. Ukalifotokozera lidzayesa kuti ukuopa nkhalamba. Pita ukapeze njira, ubwere ndi ntchito yotha."

Njira anaipeza pobwerera. Kuseri kwa nyumba ya a Nachisale kunali mpanda wa udzu, mosambiramo. Anati aboole pang'ono, apongozi atulutsirepo mkono ali m'kati, iye ali kunja. Sadzaonana. Ndipo kuti khungu lisakhudze khungu, adzaugwira ndi tsamba la nthochi. Anadziyamikira yekha njira yonse. Falesi anapita nayo nkhaniyo kwa amayi ake, anakhalitsa m'nyumbamo, natuluka maso ali pansi.

"Avomera," anatero.

M'mawa mwake kunali nkhungu yoti munthu osaona nkhokwe yake yomwe. Gerevazio anagwada kunja kwa mpanda, natsegula thunthu la nthochi. Munali kabotolo komaliza, ndipo dokotala anali kale m'njira, akuyendera midzi yoyandikana nayo. Udzu unagwedera. Mkono unatuluka.

Unali wakumanja. Iye anangoulandira, pakuti munthu wamkulu akhoza kusokoneza. Anaugwira ndi tsamba lija. Khungu lake linali losalala, lopanda khwinya, lopanda mphini. Pamwamba pa dzanja panali kachipsera ka moto kooneka ngati nyemba, kamene iye ankakadziwa bwino, chifukwa analipo tsiku limene mphika wa phala unagubuduka. Mwamuna angaiwale zambiri, koma mkono wa mkazi wake sangausokoneze. Ndipo nthawi yomweyo m'kati mwa nyumba, kutali ndi mpanda, munamveka chifuwa chouma chija, chofuna kubisika koma chokanika.

Gerevazio anakhala chigwadire. Anamvetsa zonse. Mayi wakana, mwana wake wasowa pogwira pakati pa mayi ndi mwamuna, wapereka mkono wake wachiwiri kuti pasakhale wochita manyazi. Akanatha kuusiya mkonowo n'kunena kuti, "Make Rute, tulukani." Akanatha kupereka lumo pa bowo lomwelo n'kuyang'ana kumbali. Zonsezi anaziganiza, musamuyese chitsiru. Koma kulankhula kunali kuyalutsa mkazi wake ndi apongozi ake pamodzi, m'mawa anthu akupita kumadzi, ndipo kunali kuyambiranso nkhani dokotala ali pakhomo. Iye anatumidwa kudzatema mkono. Mkono unali pamaso pake. Za mwini wake sanatumidwe.

Anatema timizere, napaka mankhwala omaliza aja.

"Make Rute," anatero mokweza, akuyang'ana kumbali ngati kuti mkazi wake ali kuchitsime, "muwauze amayi kuti zatha, ndipo alimba mtima."

Mkono unabwerera m'kati.

Dokotala anafika pa machila, anthu anandandalika pabwalo mapewa ali pamtunda. Gerevazio anaima pambali pake, chisoti chili chilili. Popeza mkamwini anali pabwalo, a Nachisale anachita zoyenera: anatenga khasu n'kupita kudimba. Palibe amene anadabwa, palibe amene anawatchula. Ndani akanayembekeza kuti aime pamzere moyang'anana ndi mkamwini wawo? Dokotala anayenda, kuona mikono, kugwedeza mutu. Ananena mawu achizungu amene womasulira anati akutanthauza kuti zili bwino kwambiri.

Patapita masiku Falesi anayamba kusinja ndi dzanja limodzi, nsalu ataifunda mpaka m'mapewa. Gerevazio anafunsa kuti mkono watani. Falesi anati amuluma mavu. Gerevazio anati mavu achulukadi chaka chino. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Nsapato zinabwera. Zinali zazikulu, anazithira udzu kutsogolo, ndipo zinkalira poyenda. A Ignasio anati zikamalira ndiye zabwino, mzungu amadziwa kuti ukubwera ndipo sumudzidzimutsa. Tsiku limene anafika nazo kumudzi ana anamutsatira mpaka pakhomo. A Nachisale anatuma Rute ndi kachigoba ka mafuta a nsatsi, akuti atate ako azipaka nsapatozo zisaume. Gerevazio analandira mafutawo ndi manja awiri, ndipo anamva manyazi oopsa.

Musaganize kuti anaiwala. Tsopano anali kapitawo, ndipo anaganiza kuti mankhwala atsopano akangofika adzatuma Anselmo kwa apongozi popanda kupempha munthu. Maganizo abwino ndithu. Koma mankhwala anachedwa kumene ankachokera. Akafika kumudzi, Falesi ankamufunsa pomulandira katundu, mawu ali pansi, "Kodi timabotolo tija tafika?" Iye ankati tili m'njira. Falesi sankanena kuti akufunira ndani, iyenso sankafunsa.

Mankhwala atafika, Gerevazio anapita kuseri kwa ofesi kukanena kuti akutuma Anselmo ku Kaphuka.

"Kwanu?" anafunsa a Ignasio. "Kumene mzungu anaona yekha kuti kwatha? Kukatani?"

A Ignasio sanadikire yankho.

"Kapitawo watsopano sayamba ndi kwawo, mphwanga. Anyamata ako akukuyang'ana, Anselmo akukuyang'ana kwambiri. Yamba ndi kumalire kumene anthu akufa. Zakwanu uzichita mwezi wamawa, mwakachetechete, anthu ataiwala."

Anayamba ndi kumalire. M'kati mwa mwezi umenewo mng'ono wa a Nachisale, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, anamwalira. A Nachisale anapita kukalira maliro, anasambitsa mtembo ndi manja awo, nabwerako mutu ukuwawa.

Uthenga woti apongozi ake agwidwa ndi nthomba unamupeza Gerevazio ali m'mudzi wina akuyang'anira anyamata ake. Anavula nsapato zija, nazikoleka m'khosi, nathamanga monga ankathamangira ndi machila.

Anapeza atawasamutsira kale m'chisakasa kuseri kwa madimba, kutali ndi nyumba, monga mwa lamulo limene iye mwini analengeza m'midzi yonse. Falesi anali pakhomo pa chisakasacho, atatopa, maso atalowa. Gerevazio anaima patali, natembenuka n'kufulatira, pakuti miyendo inali itazolowera.

"Make Rute, muwafunse amayi kuti adzuka bwanji."

"Afunseni nokha," anatero Falesi. Sanakweze mawu. "Ine ndatopa kunyamula mawu."

Gerevazio anavula chisoti, nachiika pa chitsa, nawerama, nalowa.

Nkhope ya apongozi ake anaiona koyamba tsiku limenelo, ndipo sinali nkhope yoti munthu n'kuizindikira. Nthomba inali itaphimba paliponse, matuza atalumikizana, maso atatupa mpaka kutsekeka, milomo itang'ambika. Iye anali ataona odwala ambiri osayang'ana kumbali. Apa anangogwada pansi.

"Ndani?" anafunsa a Nachisale.

"Ndine, amayi. Gerevazio."

Dzanja lawo linayamba kufufuza nsalu kuti adziphimbe kumaso. Linafufuza pamphasa, osaipeza. Gerevazio anaitola naiika m'dzanja lawo, koma mphamvu yoikweza panalibe. Inangogwera pachifuwa.

"Pepani a Mbewe," anatero. "Mwandipeza chonchi." Anakhosomola. "Mwachokera kutali. Mwadya?"

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene a Nachisale analankhula kwa mkamwini wawo popanda wapakati. Gerevazio ananama kuti wadya. Anawadzutsa mutu ndi dzanja lake lenileni, popanda tsamba, nawamwetsa madzi. Sanachokenso. Ankawatembenuza, kuwaingitsira ntchentche, kuwanyowetsa milomo, iye ndi Falesi mosinthana. Tsiku lina Falesi atapita kukatunga madzi, iye anayamba, "Amayi, za pa mpanda zija..."

"Ndinakana ndine, a Mbewe," anatero a Nachisale. "Inu munagwira ntchito yanu."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa akanamutukwana. Anakhala nawo mpaka tsiku limene anasiya kupuma, dzuwa lili paliwombo.

Lamulo linkati chisakasa ndi nyumba ya wodwala ziotchedwe. Kapitawo anali iye, choncho anayatsa yekha. Udzu wa denga unali wouma bwino, ndipo unayaka msanga.

M'mudzi monsemo nthomba inatenga munthu mmodzi yekhayo. Midzi ina inaika maliro mpaka anthu kutopa kukumba. Dokotala anamuyamika Gerevazio pamaso pa onse, ndipo a Ignasio anamuitanira kuseri kwa ofesi.

"Waona, mphwanga? Nkhalamba imodzi yokha. Mzungu wakondwa. Ukapitiriza chonchi ufika patali."

"Inde, akulu."

"Nanga nkhope yagwa chifukwa chiyani? Usamayende ndi nkhope yotere pabwalo pano, angayese uli ndi funso."

Anafikadi patali, monga mmene munthu wakuda akanafikira masiku amenewo. Nkhondo ya Jeremani itabwera, anzake ambiri anatengedwa kukasenza katundu kumpoto, iye anatsala chifukwa boma linkamufuna. Anyamata atsopano ankabwera kwa iye kudzafunsa nzeru za ntchito, ndipo ankawauza zambiri za a Ignasio, pakuti zinkathandizadi. Chimodzi chokha anachita mwa iye yekha. Asanagawe midzi ankafunsa mnyamata aliyense kumene anakwatira, n'kumutumiza kwina. Anyamatawo ankadandaula kuti kapitawo ndi wouma mtima, safuna kuti anthu azigona kwawo. Iye sankafotokoza.

Ndi Falesi anakhalabe, nabereka ana ena. Sanakangane, sanalozane chala. Aliyense ankadziwa mbali yake, ndipo ankadziwa kuti mnzake akuidziwa.

Tsiku lina masana, nkhondo itatha, anali pakhonde awiriwo akutongola chimanga m'lichero. Gerevazio anafunsa, maso ali pa chitsononkho.

"Make Rute, kodi amayi ankaoneka bwanji?"

Falesi anasiya kutongola.

"Anali ndi mpata m'mano, apa," anatero akuloza. "Akamaseka ankabisa ndi dzanja. Mphuno yaing'ono. Maso aakulu, oyera." Anatola chimanga china. "Inu nkhope yanu ankaidziwa bwino. Mukamanyamuka pa ulendo ankaima kuseri kwa chitseko n'kumakusuzumirani pa mng'alu mpaka mutakhota. Ankati, mwana wangayu wawonda, uzimupatsa chakudya chokwanira."

Gerevazio anayesa kuiika pamodzi nkhopeyo, mpata wa m'mano, mphuno, maso, koma inkabwera ndi ija ya m'chisakasa. Anayesanso, osatheka. Anaika chimanga pansi, nalira mokweza, masana, anthu akudutsa m'njira.